Nyimbo Imene Dermot Anaipha Dala

Dermot Scholes ankadana ndi tsiku la Lamulungu, ndipo m'chaka cha 1964 chidanicho chinafika posauzana. Tsikulo, kugwe mvula kuwale dzuwa, ankayenera kumanga taye n'kutsagana ndi mkazi wake Noreen kukadya kwa apongozi ku Ordsall, kuseri kwa madoko a Salford. Nyama yootcha inalibe vuto, mbatatesi nazo zinkakoma. Choipa chinali wailesi. Ikakwana nthawi ya tiyi, apongozi akewo, mayi Ormerod, ankapukuta m'manja, kutsegula wailesi, n'kulamula aliyense kuti atseke pakamwa, chifukwa inali nthawi yotchula nyimbo makumi awiri zimene zagulidwa kwambiri m'dziko lonse sabata imeneyo.

Lamulungu limenelo nyimbo ya "Ndidikire pa Mlatho" inafika pa nambala wani.

Mayi Ormerod anakuwa mpaka mphaka anathawira kuseri kwa mpando. Woimba nyimboyo anali mwana wawo Clive, amene anali atakhala pomwepo atavala suti yatsopano yopanda kolala, miyendo atatambasula ngati nyumbayo anamanga ndi iye. Woilemba anali mwana wawonso, Noreen. Ndipo panalibe munthu patebulopo amene sankadziwa kuti Noreen sanalembere mlongo wake nyimboyo. Anailembera mwamuna wake.

Nkhani yake inayenda chonchi. Noreen ankasoka majasi amvula kufakitale, ndipo akaweruka ankakhala pa piyano yakale ya mayi ake n'kumapeka nyimbo. Iyi inamutengera nyengo yonse yozizira. Anaisoka molingana ndi mawu a Dermot monga mmene ankasokera jasi molingana ndi thupi la munthu, chifukwa Dermot anali ndi mawu okwera amene mu Salford monse munalibe wofanana nawo. Kumapeto kwa nyimboyo, pa liwu loti "mlatho", mawu ankakwera n'kukakhala m'mwamba nthawi yaitali. Mlathowo unali weniweni, wa pangalande ya zombo, pamene awiriwa ankakumanirana asanakwatirane.

Mkulu wina wojambula nyimbo ku London ataimva, anaitanitsa bandi ya Dermot. Koma Dermot sankaifuna nyimboyo ngakhale pang'ono. Iye ankadziona ngati munthu wa nyimbo zaukali, zokuwa, zotulutsa thukuta, osati tinyimbo ta atsikana odikira pamilatho. Tsono masiku amenewo mnyamata wa kumadoko sankauza bwana wa ku London kuti ayi. Anyamata a mabandi anali ndi njira yawo yokanira, imene ankaphunzitsana m'magalimoto: umaiimba nyimboyo mwaulesi, bwanayo agwe nayo mphwayi, kenako afunse yekha kuti kodi mulibe ina? Dermot anauza anzake zimenezi m'sitima asanafike ndi pa siteshoni ya Crewe pomwe. M'situdiyo anaiimba katatu, ndipo katatu konseko, atafika pokwera paja, anathyola mawu dala ngati tambala wongoyamba kumene kulira.

Bwanayo sanafunse za nyimbo ina. Anawathokoza mwaulemu, anawapatsa chimbale chimodzi choyeserera kuti akamvere kunyumba, ndipo sanawaitanenso. Nyimbo yokha anaisunga.

Noreen atamvera chimbalecho analira. Sanalirire nyimbo yake, analirira mwamuna wake. Anati, "Ndinaikweza kwambiri, Dermot. Ndakutayitsa mwayi ndine." Dermot anamusisita pamsana n'kumuuza kuti asadandaule, zimachitika. Apa ndiye panali pouza mkazi wake zoona, koma mwamuna wamkuluyo anangopitiriza kumusisita. Patapita miyezi isanu ndi itatu bwana uja anapeza bandi ina ya ku Salford, ya Clive, anatsitsa nyimbo yonse kuti igwirizane ndi mawu a Clive, ndipo pokwera paja anapatsa gitala kuti ndiyo ikwere.

Wailesi itamaliza, Clive anatembenukira kwa Dermot akumwetulira.

"Bwanji alamu, tiyi wawawa? Nkhope yachita kukwinyika chotero."

"Tiyi ali bwino," anatero Dermot. "Chawawa ndi chimene chimatuluka m'wailesimo."

"Anthu theka la miliyoni sakugwirizana nanu."

"Anthu theka la miliyoni amagulanso sopo wonunkha. Ukuyesa waimba iwe pamenepo? Yaimba ndi gitala, iwe umangoyasamula."

"Kuyasamula pa nambala wani kuli bwino kusiyana ndi kulira ngati chitseko cha kuchimbudzi. Chimbale chanu chija ndinachimva, alamu. Kusitudiyo amachiika akafuna kuseka."

"Clive!" anakalipa Noreen. "Siya zimenezo. Kulakwa kunali kwanga, aliyense akudziwa."

"Nonse awiri mukhale chete, muli m'nyumba mwanga muno," anatero mayi Ormerod, koma maso awo anali pa mkamwini yekha. Sanamukondepo chiyambire, ndipo tsopano sankavutikanso n'kubisa.

Clive anatenga keke ina, anailuma, n'kufunsa ngati wangokumbukira kumene, "Kodi lamulo la a Entwistle lija lidakalipo?"

Dermot anaika kapu yake ya tiyi patebulo. Bandi yake inkaimba Loweruka lililonse masana kuholo ya dansi ya a Entwistle, ndipo ntchito yokhazikika imene anali nayo inali yomweyo. Holoyo inali ndi lamulo limodzi lakalekale: bandi ya panyumba imatseka dansi ndi nyimbo imene ili pa nambala wani sabata imeneyo, kaya ikuikonda kaya ikudana nayo. Sabata yonse Dermot ankapemphera kuti nyimbo ina iliyonse, ngakhale ya agalu, ipitirire ya Clive.

"Ndibwera Loweruka," anatero Clive. "Ndidzakhala kutsogolo kwenikweni. Noreen, iwenso ubwere, udzamve amuna ako akuimba nyimbo yanga."

Lachiwiri Dermot anapita kukaonana ndi a Entwistle. Anawapeza ataimirira pakati pa holo akuyang'anira amayi awiri amene ankapaka phula pansi. Anali munthu wamfupi wadazi, amene anayamba kuyendetsa dansi nkhondo isanathe, ndipo oimba ankawaona ngati mipando ya m'holo yake.

"Bwana, sabata ino yokha tiimbe ya nambala thu."

"Chifukwa?"

"Ndi nkhani ya m'banja."

"Banja lako ndilibe nalo ntchito. Ndayendetsa holo ino zaka makumi awiri ndi ziwiri, Scholes. Ndinaimbitsa bandi ya malipenga nyimbo ya ana a sukulu. Ndinaimbitsa mwamuna wandevu nyimbo ya mtsikana wolira chibwenzi, ndipo anaiimba. Iwe ndiwe ndani?"

"Nyimboyi siyigwirizana ndi mawu anga."

"Ndiye upeze mawu ena pofika Loweruka. Ukalephera undiuze Lachisanu, pali mabandi khumi amene akungodikira kuti upunthwe. Ndipo choka pamenepo, ukuponda phula."

Atatuluka anakumana ndi Wilf, woimba ng'oma wa bandiyo, amene anali m'sitima muja ndipo ankadziwa zonse. Wilf sankalankhula zambiri, koma tsikulo anamugwira Dermot pamkono.

"Tamvera aise. Tiimba mmene amaimbira Clive. Motsika. Pokwera paja akwere ndi Ken pa gitala, iwe utseke kukamwa. Mphindi ziwiri ndi theka basi, kenako tizipita kwathu."

"Ndiimbe motsanzira Clive? Ine?"

"Eya, iweyo. Mkazi wako adzakhala ali pompo. Ukuganiza kuti Noreen ndi wogontha? Nyimbo ija anaipeka yekha, amadziwa paliponse pamene umapumira."

Dermot anavomera, poti panalibe njira ina. Koma chimene chinamupweteka kuposa chipongwe cha Clive chinamupeza kunyumba Lachinayi. Anapeza Noreen atakhala patebulo la kukhitchini ndi pensulo, akulemba nyimbo yonse papepala mwaukhondo, m'kiyi yotsika, yosafuna mawu okwera. Chibwerere Dermot ku London, mkaziyo anali asanalembenso nyimbo ngakhale mzere umodzi, piyano ya mayi ake anangoiyala nsalu.

"Ndakutsitsira kuposa ya Clive," anatero akumupatsa pepalalo. "Pamapetopa ndasintha, sukwera n'komwe. Palibe amene akuseke."

Ananena mokoma mtima, ndipo kukoma mtimako n'kumene kunamupsetsa mtima Dermot. Anafuna kukuwa kuti iye akhoza kukwera pamenepo ali m'tulo, ali ndi chimfine, atanyamula thumba la malasha pamsana. M'malo mwake anati zikomo, n'kupinda pepalalo kuika m'thumba la jekete. Ankamukonda Noreen, zimenezo zisakayikitse munthu. Kungoti ankadzikonda yekha kuposerapo pang'ono.

Loweruka holo inadzaza isanakwane ndi 2 koloko. Mbiri inali itamveka kuti Clive Ormerod abwera, ndipo atsikana a m'mafakitale onse a mbali imeneyo anafika tsitsi atalikweza m'mwamba, akukankhana pakhomo. Clive atalowa, holo yonse inalira ngati mwalowa njoka. Anayenda pang'onopang'ono, akugawa moni uku ndi uku, n'kukaima kutsogolo kwa nsanja monga analonjezera. Noreen anaima pambali pake atavala jasi lake lobiriwira, chikwama atachigwira ndi manja awiri.

Dermot anaimba maola awiri athunthu kwa anthu amene anamufulatira. Anakuwa, anatuluka thukuta, anagwada ndi gitala, koma maso onse anali pa suti yopanda kolala ija. Pofika nthawi yotseka anali atakwiya kale mokwanira.

A Entwistle anakwera pansanja, anagogoda maikolofoni ndi chala, n'kulengeza kuti mwamwambo wa holoyo nthawi ya nambala wani yakwana, ndipo poti mwini nyimboyo ali pomwepo, abwere anene mawu awiri. Clive sanadikire kuitanidwa kawiri. Analumphira pansanja, anamukumbatira Dermot paphewa ngati abale okondana, n'kutenga maikolofoni.

"Anthu akwathu, ndikuuzeni chinsinsi. Nyimbo iyi mlongo wanga sanalembere ine ayi. Analembera alamu angawa." Anadikira kuti phokoso lichepe. "Anapita nayo mpaka ku London, koma atafika pamlatho paja anagwera m'madzi. Katatu! Ndiye lero muwakomere mtima. Mukamva chinachake chikulira, si mphaka, musaitane apolisi."

Holo inafa ndi phwete. Ngakhale Ken wa gitala anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Clive anatsika, anapinda manja pachifuwa, n'kumutsinzinira Dermot diso limodzi.

 Dermot anatembenukira kwa anzake.

"Kiyi yakale."

"Wapenga?" anatero Wilf.

"Ndati kiyi yakale. Ken, pokwera paja usakhudze chingwe, ukakhudza ndikuthyola zala."

"Dermot, Noreen ali apo."

"Werenga, Wilf."

Wilf anamuyang'ana kanthawi, anapukusa mutu, n'kumenyanitsa timitengo take kanayi.

Chodabwitsa n'chakuti Dermot anali asanaiimbepo nyimboyo ndi mtima wonse, ngakhale kamodzi. Mzere woyamba utangotuluka anazindikira chimene anataya. Nyimboyo inkamukwana paliponse. Pamene mpweya unkamuthera, Noreen anali atasiya kale mpata wopumira. Pamene mawu ake ankakhala ndi kamchenga, Noreen anaikapo liwu lofuna kamchengako. Atsikana amene ankaseka aja anayamba kutembenuka mmodzimmodzi. Ovina anasiya kuvina. Pofika ndime yachiwiri munalibenso wolankhula m'holomo, ndipo Clive anali atatsitsa manja.

Kenako panafika pamlatho. Dermot anayang'ana mlamu wake m'maso, anakoka mpweya, n'kukwera. Sanavutike n'komwe. Mawu anakafika pamwamba paja ali oyera, osanjenjemera, ndipo anawasunga pamenepo mpaka Wilf anamaliza kuzungulira ng'oma zake zonse, n'kuwasungabe pang'ono mwamwano, kuti aliyense adziwe kuti mpweya unalipo wotsala.

Holo inaphulika. Atsikana anakuwa dzina lake, ena anakwera pamipando, a Entwistle ankawomba m'manja pamwamba pa dazi lawo. Clive nkhope inali itagwa, akuyang'ana nsapato zake zatsopano. Dermot anamva kukoma kumene anali asanakumvepo chibadwire, ndipo kukomako kunakhala mwina mphindi imodzi.

Noreen sankawomba m'manja. Anali ataima pomwe paja, chikwama chili m'manja, akumuyang'ana ngati munthu amene wamupeza akupisa m'thumba la mnzake.

Noreen anamupeza kuseri kwa nsanja, m'kachipinda kosungira mipando yothyoka, mmene bandi inkavalira. Ken ndi mnzake wa gitala yaikulu atangoona nkhope yake anatuluka osauzidwa. Wilf anatsala akumasula ng'oma, mutu uli pansi.

"Waimba bwino," anatero Noreen.

"Wamva eti? Wamuona Clive nkhope yake?"

"Unaphunzira liti kukwera pamenepo?"

"Aa, zimangochitika. Tsiku lina mawu amabwera, tsiku lina..."

"Sunayeserere. Sabata yonse ino sunaiimbe m'nyumba ngakhale kamodzi, ndinkamvetsera. Munthu amene analephera katatu sabwera n'kudzakwera chonchija, akuyang'ana munthu wina m'maso. Sunatseke ndi maso omwe, Dermot. Ukamavutika umatseka maso."

"Ku London kunali kozizira. Tinagona m'sitima."

Noreen anatembenuka. "Wilf, ku London kunali kozizira?"

Wilf anapitiriza kupotokola nati imene inali itamasuka kale. "Ine ndimangoimba ng'oma, Noreen."

"Wayankha. Zikomo."

Dermot anayesa kumugwira dzanja koma mkaziyo analibweza. Tsono poti bodza linali litatha, anathawira ku ukali, monga amachitira amuna ambiri akagwidwa.

"Chabwino! Ndinachita dala. Ndiye bwanji? Aliyense amachita zimenezo. Ndinkafuna atipatse mpata tiimbe nyimbo zathu, nyimbo zenizeni, osati..."

"Osati chiyani? Maliza."



"Osati kanyimbo ka mkazi wako wosoka majasi," anamumalizira Noreen. Mawu ake sanakwere, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa. "Ukanandiuza kukhitchini kuti Noreen, nyimbo yako sindikuifuna, ndikanalira tsiku limodzi n'kulemba ina. Koma unabwera ndi chimbale chija, unachiika wekha, unakhala pampando n'kumandionerera ndikukupepesa. Ndinakupepesa, Dermot! Pafupifupi chaka chathunthu ndakhala ndikuyenda ndi mlandu woti ndinaphera mwamuna wanga tsogolo. Piyano ndinaifunditsa nsalu. Ku London anandilembera kalata kawiri kufuna nyimbo zina, ndinayankha kuti ndinasiya, poopa kuti ungamve kuwawa. Amayi akamakunyoza ndinkayambana nawo. Clive ndinakhala mwezi wathunthu osamulankhula chifukwa cha iwe."

"Ndinkafuna kukuuza."

"Liti? Lachinayi, pamene ndinkakutsitsira nyimbo ngati mwana wodwala? Unati zikomo." Anatambasula dzanja. "Bweretsa pepala langa."

Dermot anapisa m'thumba la jekete n'kulitulutsa, lili lopindidwa mmene analipindira tsiku lija. Noreen analitenga, analiwongola bwinobwino, n'kuliika m'chikwama.

"Chimene chikundinyansa kwambiri ukuchidziwa?" anatero ali pakhomo. "Ine ndinakupempha ndi chikondi, unaithyola. Clive wakutukwana mphindi imodzi, waiimba ngati mngelo. Ndiye kuti pokupatsa nyimbo ija ndikanangokutukwana."

"Noreen, tikambirane kunyumba."

"Ndikagona kwa amayi. Usabwere mawa, nyama sikukwanira."

Anatuluka. Dermot anafuna kumutsatira, koma pakhomo pomwepo anagundana ndi a Entwistle, nkhope ili ngwee, ndudu yaikulu ili pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire anamugwira Dermot paphewa.

"Scholes! Unkabisa chiyani nthawi yonseyi, chitsiru iwe? Ati siyigwirizana ndi mawu anga! Tamvera, sabata yamawa uiimba kawiri, potsegula ndi potseka. Ndilemba dzina lako pachikwangwani panja. Ndipo uziikwera chimodzimodzi, wamva? Ukadzangotsitsa, ndikuchotsa."

Kudzera pa phewa la a Entwistle, Dermot anaona jasi lobiriwira likudutsa pakati pa anthu, Clive ali pambuyo pake atanyamula chikwama cha mlongo wake, mpaka chitseko cha kumsewu chinatsekeka.

Nyimboyo inakhala pa nambala wani masabata asanu. Loweruka lililonse Dermot ankaima pansanja ya a Entwistle n'kupempha mkazi kuti amudikire pamlatho, kawiri pa tsiku, holo itadzaza mpaka pakhomo. Pokwera paja sanaphonyepo ngakhale kamodzi, ndipo nthawi zonse ankayang'ana kutsogolo kwa nsanja, kumanzere pang'ono, pamene tsopano pankaima atsikana ena osawadziwa.